Singano ya Fupa

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawu amenewa ngofunika kwa munthu aliyense wolowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, pakuti m'nyumba zotere zinthu zikuluzikulu ndizo zimakopa maso msanga, pamene tinthu tating'ono timene tidasenza moyo wa mtundu wonse timangokhala phee pakona, osaitana munthu. Nyumba ina yotere ili mu mzinda wa Nuuk, likulu la dziko la Greenland, ndipo imasunga mbiri ya anthu otchedwa Inuit. Mlendo wothamanga amatulukamo akusimba za mabwato ndi mikondo. Koma amene amayenda pang'onopang'ono, naimaima pa bokosi lililonse, amapeza kuti mbiri ya anthu amenewa yagona pa kachida kosaposa chala cha mwana, ndiko singano ya fupa.

Greenland ndi chilumba chachikulu kuposa zilumba zonse pa dziko lapansi, ndipo chili kumpoto kwenikweni, pakati pa Canada ndi Iceland. Magawo pafupifupi 80 mwa 100 alionse a chilumbachi ngokutidwa ndi madzi oundana chaka chonse, kotero kuti anthu ake, amene sakwana 60,000, amangokhala m'mbali mwa nyanja. Palibe msewu wochoka mu mzinda wina kukafika mu mzinda unzake. Waulendo amakwera ndege kapena sitima ya pamadzi. Chimanga sichimera kumeneko, ndipo nkhalango yoti munthu adulemo nsichi ndi phaso kulibe. Chakumpoto kwa chilumbachi, dzuwa likalowa m'mwezi wa Novembala silionekanso kufikira chaka chinzake chitayamba. Eni ake amalitcha dzikoli Kalaallit Nunaat. Mabuku akale a sukulu ankawatcha anthu amenewa Eskimo, dzina lopatsidwa ndi anthu ena, limene ambiri mwa iwo salikonda. Iwo amadzitcha Inuit, mawu otanthauza kuti "anthu". Akakhala mmodzi amati inuk, ndiye kuti "munthu". Abale awo ali kumpoto kwa Canada ndi ku Alaska, kumene makolo awo adachokera nafika ku Greenland cha m'ma 1200.

Nyumba yosungiramo zinthu zakaleyo ili padoko lakale la Nuuk, m'nyumba zimene poyamba zinali mosungira katundu wa amalonda. Pakaphiri kapafupi paima chifanizo cha Hans Egede, mbusa wa ku Norway amene adafika m'dzikoli mu 1721, nakhazikitsa mu 1728 mudzi umene lero ndi Nuuk. Mlendo wochokera ku maiko otentha amafika pakhomopo mphepo ikumuluma makutu, m'mutu atasenza chithunzi chija cha m'mabuku: kamunthu kovala ubweya, kakuseka pakhomo pa nyumba ya chipale yozungulira ngati mphika wovundikira. Chithunzicho sichichedwa kufufutika. Akalowa amaona kuti Ainuit ambiri a ku Greenland ankakhala m'nyumba za miyala ndi zibuma za udzu m'nyengo yozizira, ndipo kukayamba kufunda ankasamukira m'mahema a zikopa. Khomo la nyumba ya miyalayo linali ngati ngalande yotsika, yolowa chokwawa, chifukwa omangawo adadziwa kuti mpweya wozizira umatsikira pansi pamene wofunda umakwera m'mwamba. Mazenera ake anali matumbo a nyama, osokedwa bwino lomwe, olola kuwala kulowa koma otchinga mphepo.

Chimene chimayamba kumuimitsa mlendo ndi chimango cha bwato lalikulu lotchedwa umiaq, lotalika mamita pafupifupi 10. Bwatoli lidapangidwa m'zaka za m'ma 1400, ndipo lidapezeka mu 1949 ku Peary Land, kunsonga ya kumpoto kwa chilumbachi, ndi gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Eigil Knuth wa ku Denmark. Bwato la mtundu umenewu linkanyamula banja lonse, mahema, miphika ndi agalu omwe, ndipo opalasa ake kawirikawiri anali amayi. Palinso timabwato tating'ono, tosongoka uku ndi uku, totchedwa qajaq, tokwera mlenje mmodzi yekha. Mitengo yopangira zimangozi sinkadulidwa m'nkhalango. Inali mitengo yokokoloka m'mitsinje ya ku Siberia, yoyandama panyanja zaka zingapo kufikira mafunde ataitaya pagombe. Mlenje ankaitola, naisema molingana ndi msinkhu wake, naimanga ndi zingwe za chikopa ndi zikhomo za fupa. M'kabwato kotero ndimo ankasakira anamgumi ang'onoang'ono, mbalame, ndiponso chinyama chonga katumbu wamkulu chimene eni dziko amachitcha puisi. Puisi ndiye anali munda wawo: nyama yake inali chakudya, mafuta ake anali nkhuni, chikopa chake chinali nsalu.

Tsono chimango pachokha si bwato ayi. Chikaikidwa pamadzi chimangodzaza nthawi yomweyo. Chimene chinkachisandutsa bwato ndi zikopa za puisi zokuta kunja kwake, ndipo zikopazo ankazisoka ndi amayi. Apa mpamene mlendo wodekha amawerama nayang'anitsitsa msoko. Msoko wamba umasiya timabowo timene madzi amalowerapo. Amayi a Chiinuit adapeza njira yosoka mizere iwiri yoyandikana, singano osaboola chikopa mpaka kuseri koma kungolowa theka la kuchindikala kwake n'kutulukiranso mbali yomweyo. Ulusi wawo unali mitsempha ya nyama, imene ikanyowa imafufuma n'kutseka njira yonse imene singano yadutsa. Pomaliza ankapaka mafuta pamsokopo. Madzi a nyanja imeneyo ngozizira kotero kuti munthu akagweramo mphamvu zimamuthera m'kanthawi kochepa. Motero mlenje aliyense popalasa kupita pakati pa nyanja ankakhala atapereka moyo wake m'manja mwa mkazi wake, mayi ake ndi alongo ake. Msoko umodzi wosokedwa mwaulesi unkatha kusiya amasiye m'nyumba yonse. Mutu umodzi susenza denga: mwamuna wopanda womusokera sakadakhala mlenje, ndipo wosoka wopanda mlenje sakadakhala ndi chikopa.

Zida za ntchito imeneyi zili m'mabokosi a galasi, ndipo munthu akhoza kuzipitirira osaziona. Pali ulu, mpeni wa amayi wopindika ngati mwezi wokhala kumene, wosendera, wopalira ndi wodulira zikopa. Pali tizikopa tovala ku chala pokankha singano. Pali timabokosi ta fupa tosungiramo singano, tozokotedwa mwaluso, umboni wakuti mwini wake ankadziwa mtengo wa chimene chili m'katimo. Singano zenizenizo ankazisema kuchokera ku fupa la mbalame kapena ku mnyanga, naziboola diso loti mtsempha upitepo. Ndi zida zimenezi mayi ankaveka banja lonse zovala ziwiriziwiri: cham'kati cha zikopa za mbalame, nthenga zitaloza kuthupi, ndi chakunja cha chikopa cha puisi kapena cha nyama yonga mphalapala yotchedwa tuttu. Ankasoka nsapato zazitali zotchedwa kamik, zosalowa madzi, ndi malaya a mvula a matumbo, opepuka ngati pepala. Ankadzisokeranso amaat, malaya okhala ndi thumba lalikulu kumsana moberekeramo mwana, kuti khandalo lizifunda ndi thupi la mayi ake pamene manja a mayiyo ali pa ntchito.

Ntchito yonseyi inkachitika m'kuwala kwa nyale imodzi, yotchedwa qulleq. Nyaleyo ndi mbale yosaya, yosemedwa kuchokera ku mwala wofewa. M'kati ankathiramo mafuta a puisi, ndipo m'mphepete ankayalamo ndere zouma kuti moto uziyakapo. Nyale yomweyo inali muuni, mafuwa ndiponso moto wootha. Pamwamba pake pankalendewera mphika, ndipo pamwamba pa mphikawo panali thandala loumitsirapo zovala zonyowa. Kuisamala kuti iziyaka mofanana, yosafuka utsi wambiri, kunali luso lina limene mtsikana ankaphunzira kwa mayi ake. Munthu akaganiza za mayi wokhala pafupi ndi kamoto kotero miyezi iwiri kapena itatu ya mdima, kunja mphepo ikulira, iye akusoka msoko umene suyenera kuphonya ngakhale pamodzi, amayamba kuchita manyazi ndi mawu akuti "anthu osatukuka" amene kale ankanenedwa mosaganizira.

Kenaka mlendo amafika pa malo amene anthu amatsitsa mawu popanda wowauza. Mu 1972 alenje awiri apachibale, akusaka mbalame pa malo otchedwa Qilakitsoq, pafupi ndi Uummannaq, adaona miyala yosanjidwa pansi pa thanthwe. Atasuntha ina adapeza mitembo ya anthu, yosawola, itavala zovala zake. Kamwana kamene kanali pamwamba adayamba akayesa chidole. Manda anali awiri, ndipo munali anthu 8: amayi 6, mnyamata wamng'ono ndi khanda la miyezi pafupifupi 6. Akatswiri atapima adapeza kuti anthuwa adamwalira cha m'ma 1475. Thanthwe lidawatchinga ku dzuwa ndi ku mvula, ndipo mphepo yozizira ndi youma idawaumitsa. Mu 1978 adatengedwa kupita ku Copenhagen kukapimidwa, ndipo pambuyo pake adabwezedwa kwawo. Anayi mwa iwo, amayi atatu ndi khanda lija, ndiwo agona m'nyumba ya ku Nuuk.

Khandalo lagona chagada, nkhope yake yaing'ono ikuonekera m'chipewa cha malaya ake, ndipo palibe kholo limene lingaliyang'ane osamva kanthu kakutsina mumtima. Koma chimene chimamugwira mlendo kwambiri ndi timalaya take. Ntating'ono, toti mwana akadatisiya pakangopita miyezi yowerengeka, komabe wosokayo sadapeputse ntchito. M'manda awiriwo mudapezeka zovala 78, zina zovalidwa, zina zongoikidwa pambali, pakuti oikawo ankakhulupirira kuti wakufa ali ndi ulendo wautali ndipo sayenera kuuyenda akuzizidwa. Matupi a amayiwo nawonso adasimba mbiri yawo. Mano awo anali operepeseka chifukwa chotafuna zikopa kuti zifewe ndi kukokerapo ulusi. M'mapapo mudapezeka mwaye wa nyale ija. Ndipo atajambulidwa ndi makina oona zobisika pakhungu, amayi asanu mwa asanu ndi mmodziwo adapezeka ndi mphini pamwamba pa nsidze ndi m'masaya, ena mpaka pachibwano. Mphini za mtundu wawo zinkatemedwa ndi singano yomweyo: ulusi wopakidwa mwaye unkapititsidwa pansi pa khungu, n'kusiya mzere wosafufutika.

M'zaka zomwezo zimene amayi a ku Qilakitsoq anali moyo, mtundu wina unali kutha pa chilumba chomwecho, ndipo zotsala zake nazonso zili m'nyumbamu. Anthu otchedwa Norse, ochokera ku Iceland ndi ku Norway, adafika kumwera kwa Greenland cha m'ma 985. Iwo anali ndi chitsulo, ng'ombe, nkhosa, nsalu zoomba, matchalitchi a miyala ndi luso lolemba. Adakhala zaka zoposa 400, ndipo m'kupita kwa nthawi nawonso adafika podalira nyama ya puisi, koma kabwato ka chikopa ndi kavalidwe ka Ainuit sadazitengere. Nyengo itayamba kuzizira koposa, malonda awo a minyanga atalowa pansi, ndipo zombo za kwawo zitaleka kubwera, midzi yawo idasanduka mabwinja. Mbiri yomaliza yolembedwa yonena za iwo ndi ya ukwati umene udachitika m'tchalitchi cha Hvalsey mu 1408. Pamene Hans Egede ankabwera mu 1721 ankayembekeza kupeza zidzukulu zawo, koma sadapeze ndi mmodzi yemwe. Adapeza zidzukulu za osoka zikopa aja, zili moyo, zikupalasa mabwato awo.

Chimene chisanu chidalephera kuchita m'zaka mazana ambiri, ulamuliro wa alendo udatsala pang'ono kuchichita m'mibadwo yowerengeka. Amishoni adaletsa mphini ndi miyambo ina, naitcha yachikunja. Mu 1951 ana 22 a Chiinuit adachotsedwa kwa makolo awo kupita nawo ku Denmark kuti akaphunzire kukhala ngati Azungu a kumeneko. Ambiri pobwerera anali ataiwala chiyankhulo chawo, osatha kuyankhulana ndi amayi owabala, ndipo adakaikidwa ku nyumba ya ana amasiye. Padapita zaka 69 kuti nduna yaikulu ya Denmark, Mette Frederiksen, ipepese mu 2020. Mu 1953 Greenland idasandutsidwa chigawo cha Denmark, ndipo m'zaka zotsatira anthu a m'midzi ing'onoing'ono adakokeredwa m'matauni kukagwira ntchito m'mafakitale a nsomba, nakhala m'nyumba zosanjikizana zopanda poyanika chikopa. Boti la injini lidalowa m'malo mwa qajaq, ndipo malaya a m'sitolo adalowa m'malo mwa osoka pamanja. Zina mwa zatsopanozi zidapepuza moyo, palibe angakane. Koma mwana amene tsiku lonse ali kutali ndi agogo ake saona m'mene chala chimakankhira singano, ndipo luso losaonedwa limafa mwakachetechete, popanda maliro.

Pa nthawi yonseyi zinthu zambiri za makolo awo zinali kutsidya kwa nyanja. Ofufuza, amalonda ndi akuluakulu a boma adakhala akuzitola kwa zaka zambiri n'kumazitumiza ku Copenhagen, kotero kuti mwana wa ku Greenland wofuna kuona ntchito ya manja a makolo ake ankayenera kukaiona m'dziko la eni. Greenland italandira ufulu woyendetsa nkhani zake za m'dziko mu 1979, atsogoleri ake adayamba kukambirana ndi Denmark za kubweza zinthuzo. Ntchitoyo imatchedwa Utimut, mawu otanthauza kubwerera. Idayamba mu 1982 ndi zithunzi zojambula pamanja, zambiri mwa izo za Aron wa ku Kangeq, mlenje amene atadwala chifuwa chachikulu adayamba kujambula nthano za mtundu wake. Pofika mu 2001, zinthu pafupifupi 35,000 zinali zitabwerera ku Nuuk. Mbali ziwirizo zidagawana mwamtendere, zina zidatsala ku Denmark, koma zidagwirizana kuti Greenland ikhale ndi zokwanira kusimba mbiri yake yonse. Nkhani zotere sizitha msanga kulikonse. Chigaza cha munthu wakalekale chimene chidafukulidwa mu mgodi wa ku Kabwe mu 1921 chidatengedwa kupita ku London, ndipo dziko la Zambia lakhala likuchipempha kwa zaka zambiri.

Wina akhoza kufunsa kuti phindu lake nchiyani kuchotsa chinthu m'galasi la ku Copenhagen n'kukachiika m'galasi la ku Nuuk. Yankho lake lidaoneka m'zaka za m'ma 1980, pamene timabwato titatu takale, tobwerekedwa ku Netherlands, tidaonetsedwa mu mzindawu. Pa nthawiyo odziwa kupanga ndi kupalasa qajaq anali atachepa zedi. Achinyamata amene adationa adagwidwa mtima, nayamba kufunafuna nkhalamba zotsala kuti ziwaphunzitse kusema chimango, kuponya mkondo ndi kudzitembenuza bwato likagubuduka. Adakhazikitsa bungwe lotchedwa Qaannat Kattuffiat, limene limachititsa mipikisano ya luso limeneli. Momwemonso atsikana ena a masiku ano ayambanso kutema mphini za makolo awo, ndipo nkhope za amayi a ku Qilakitsoq ndi zina mwa zimene amaonerako. Tsiku loyamba kupita ku sukulu, ana ambiri a ku Greenland amavala zovala za mtundu wawo, atsikana ndi mikanda yambirimbiri m'mapewa ndi kamik zazitali, anyamata ndi malaya oyera mbee. Kuyambira mu 2009 chiyankhulo chawo, Kalaallisut, ndicho chiyankhulo cha boma.

Mlendo akakhala ndi mwayi amaona zimenezi zikuchitika pamaso pake. Gogo wina waima pa bokosi la nsapato zakale ndi mdzukulu wake wamkazi. Mlendoyo samva mawu awo ngakhale amodzi, koma manja a gogoyo akuyankhula chiyankhulo chodziwika kulikonse. Atsina mphepete mwa malaya a mwanayo, napinda timakwinya tating'onoting'ono ndi chikhadabo, monga amachitira posoka kumphuno kwa nsapato. Kenaka aloza m'galasi, nabwerezanso. Mwanayo ayesa, alephera, aseka, nayesanso. Kwa mlendo, nsapato ya m'galasiyo ndi chinthu chokongola chochokera kutali. Kwa awiriwo ndi ntchito ya mnzawo wa luso limodzi, amene akhoza kumuyamikira pamene adakhoza ndi kumudzudzula pamene adathamanga. Chikhala kuti nsapatoyo idakali kutsidya kwa nyanja, phunziro limenelo silikadachitika. Chikhalanso kuti gogoyo adapita osaphunzitsa munthu, nsapatoyo ikadangokhala chikopa chouma chokhala ndi nambala.

Motero nyumba ya ku Nuuk imaphunzitsa kuti kusunga zinthu za makolo ndi ntchito ya mbali ziwiri. Boma limanga nyumba, lilemba ntchito akatswiri, ndipo lipempha zimene zidatengedwa kuti zibwerere. Koma galasi limasunga singano yokha. Kasokedwe kake kamasungidwa m'zala za anthu amoyo, ndipo kamasamuka pokhapokha wamng'ono akakhala pansi pafupi ndi wamkulu. Izi nzoona ku Greenland, nzoonanso kulikonse kumene kuli nkhalamba yodziwa kuumba mbiya yosachucha, kuluka mono, kusema bwato kapena kusula khasu. Wophunzira amene kwawo kuli munthu wotere asayese kuti nzeru zonse zili m'mabuku ochokera kutali, pakuti nzeru imene idasunga mtundu wake m'zaka za chilala ndi za nkhondo yaikulu sidalembedwe paliponse. Nthawi ya tchuthi ikakwana, achita bwino kutenga mpando wake, kukakhala pafupi ndi nkhalambayo, ndi kupempha kuti naye agwireko.